Za Lipoti la Madzulo M'sitolo Mwathu

Mwezi uno tifuna kucheza ndi mabanja amene adalira sitolo kapena golosale, pakuti ambiri a inu mugulitsa kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa litalowa, ndalama zionekadi m'kabati, koma pofika tsiku lokaoda katundu mupeza kuti mpamba wachepa, ndipo kumene walowa simukudziwa. Pamenepo mwamuna ayamba kukayikira mkazi wake, mkazinso akayikira mnyamata wa pakauntala, ndipo mlandu wa m'sitolo ukalowa m'nyumba.

Masiku ano m'masitolo ambiri muli makina ogulitsira, amene amalonda awatcha POS. Ena aoneka ngati kompyuta yaing'ono, ena akhala m'foni momwe. Tonse tidziwa kuti awonkhetsa mitengo ndi kutulutsa lisiti. Koma ali nayo ntchito ina yoposa imeneyi: alemba chinthu chilichonse chogulidwa, mtengo wake, ndi ola limene chidachoka, ndipo madzulo apereka lipoti la zonsezo. Lipoti limeneli eni sitolo ambiri salitsegula n'komwe.

Tamvani zimene zidachitika ku dziko la Japan. M'chaka cha 1974, mu mzinda wa Tokyo, adatsegula sitolo yoyamba ya 7-Eleven ya m'dzikomo, potsata chilolezo cha kampani ya ku America. Masitolo amenewa ngaang'ono, malo osungira katundu ngochepa, chotero chinthu chosayenda malonda chilanda malo a chinthu chimene anthu achifuna. Mtsogoleri wake, Toshifumi Suzuki, adaona msanga vuto limeneli, ndipo mu 1982 adayamba kuika makina ogulitsira m'masitolo mwake. Iye adaphunzitsa anthu ake kuyang'ana katundu mmodzimmodzi, osati mulu wonse pamodzi. Wogulitsa ankadinanso batani losonyeza ngati wogulayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndi msinkhu wake. Mwini sitolo asanaode, ankayamba waganiza za mawa, ngati kudzatentha kapena kudzagwa mvula, ngati pasukulu yapafupi pali masewera. Akatero ankaoda monga mwa ganizo lakelo, ndipo tsiku lotsatira lipoti linkamuuza ngati adalasa kapena adaphonya. Malondawo adakula kotero kuti mu 1991, kampani ya ku America ija itagwa m'ngongole, a ku Japan ndiwo adagula gawo lalikulu la iyo. Mwana adaombola kholo lake.

Tsono ife sitili ku Tokyo, koma nzeru yake ndi imodzi. Poyamba funani m'lipoti katundu wogona, ndiye amene wakhala miyezi iwiri kapena itatu osachoka. Katundu wotere ndi ndalama zanu zokwiriridwa m'fumbi. Mtsitseni mtengo apite, ndipo musamuodenso chifukwa chakuti wopikulitsa wakunyengererani.

Pambuyo pake yang'anani chimene chibweretsadi phindu, pakuti pano maso anyenga anthu ambiri. Tiyerekeze kuti pa sopo mmodzi mupeza K100, ndipo mugulitsa 30 pa tsiku. Pa sabata ndiye K21,000. Poto wamkulu akupatsani K2,000, koma achoka mmodzi pa sabata. Mtima ukondwera tsiku logulitsa poto, chikhalirecho amene alipira fizi ya ana ndi sopo uja. Chifukwa chake sopo asasowe pashelefu ngakhale tsiku limodzi, ndipo mpamba wa sopo usapite ku mapoto.

Lipoti liuzanso za nthawi. Mudzaona maola amene anthu achuluka, ndi masiku amene malonda akwera, monga kumapeto kwa mwezi, tsiku la msika, nyengo yogulitsa zokolola, kapena sabata lotsegulira sukulu. Wodziwa zimenezi akaoda katundu nthawiyo isanafike, ndipo satuma wogulitsa wake kumtsinje pa ola limene ogula adzaza pakhomo.

Koma tikuchenjezeni pa zinthu ziwiri. Makina adziwa chokhacho chimene auzidwa. Mayi akatenga shuga wa kunyumba, bambo akakongoza mlamu wake mafuta, ndipo zonsezi osazilowetsa m'makina, lipoti lidzati katundu alipo pamene shelefu ili mbee. Pamenepo wolakwa aoneka ngati wantchito, ndipo mnyamata wosachimwa achotsedwa ntchito ndi mbiri ya wakuba, imene idzamtsata m'mudzi monse. Tsono lembani zonse, ngakhale zotenga mwini sitolo; ndipo kamodzi pa sabata werengani katundu ndi manja, muyerekeze ndi lipoti. Mukapeza kusiyana, yambani mwafufuza m'nyumba mwanu musanaloze chala mwana wa mnzanu.

Chachiwiri ndi ichi: makina alemba zimene mwagulitsa, koma salemba zimene munthu adafunsa nabwerera chimanjamanja. Mayi wofuna yisiti akampeza palibe, apita kwa mnzanu wa kutsidya kwa msewu, ndipo kumeneko agulanso ufa, shuga ndi mafuta. Lipoti lanu silidzanena kanthu za iye. Pachifukwa ichi ikani kope pakauntala, ndipo wogulitsa alembemo chilichonse chimene chafunsidwa ndi kusowa. Kope limenelo muliwerenge pamodzi ndi lipoti musanapite kukaoda.

Ndipo inu amene mulibe makina, musataye mtima ayi. Kope ndi pensulo zigwira ntchito yomweyo, ngakhale pang'onopang'ono: tsamba limodzi pa tsiku, dzina la katundu, kuchuluka kwake, ndi mtengo wake. Mwana wa sukulu akhoza kuwonkhetsa masamuwo, naphunzira malonda a makolo ake akali wamng'ono.

Makolo athu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata limodzi silikwanira kuti muone kanthu; koma mukapirira miyezi itatu, mwamuna ndi mkazi atakhala pamodzi madzulo a Loweruka ndi lipoti patsogolo pao, mudzadziwa chimene chidyetsa banja lanu ndi chimene chilidyera. Tsalani bwino, abale. Tidzachezanso mwezi wamawa.