NDALAMA ZA APOLISI ZIWERENGEDWE POYERA

Nchito yokonzanso kayendetsedwe ka Apolisi m'dziko la Zambia inayamba kalekale. M'caka ca 1994 munatsegulidwa nthambi yothandiza anthu ozunzidwa, ya Victim Support Unit. M'caka ca 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lolandira madandaulo a anthu pa za Apolisi, ndipo Malamulo a Dziko a mu 2016 analikweza kukhala Police Public Complaints Commission. Zonsezi nzoyamikika. Koma kukonza kumeneku kudzakhala kwa pakamwa cabe ngati nkhani ya ndalama isiyidwa mumdima.

Ndalama za Apolisi ziyenda njira ziwiri. Yoyamba ndi ya zimene Nyumba ya Malamulo ibvomereza caka ndi caka kuti zigule mafuta a galimoto, yunifomu ndi cakudya ca omangidwa. Yaciwiri ndi ya zimene Apolisi atolera m'malo mwa Boma, monga faindi ya pamseu. Zonsezo ndi cuma ca anthu. Mlimi akabeledwa ng'ombe nauzidwa kuti agule yekha mafuta kuti Apolisi afike pamudzi, alipira kawiri, pakuti msonkho anapereka kale.

Alonda a cumaci alipo. Mkulu wofufuza mabuku a ndalama za Boma, Auditor General, alamulidwa kupereka lipoti lace kwa Mtsogoleri wa Dziko ndi ku Nyumba ya Malamulo isanapite miyezi 9 cithere caka ca ndalama. Komiti ya aphungu ya Public Accounts iitana akuluakulu a madipatimenti kuti ayankhe pa zimene zapezeka. Lamulo la kasungidwe ka cuma ca Boma la mu 2018 lilola kuti wanchito wotaya ndalama abweze kucokera m'thumba mwace. Palinso Anti-Corruption Commission, yobadwa ndi lamulo loletsa ziphuphu la mu 1980.

Bvuto ndi lakuti wofufuza mabuku aona zolembedwa zokha. Ndalama yolandiridwa pamseu popanda lisiti siilowa m'buku lililonse, motero ngakhale mlonda wanzeru cotani sangaipeze. Ndiponso lipoti likatuluka koma wolakwa nangosamutsidwa kupita ku polisi yina, anzace aphunzira kuti kuba kulibe cilango. Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wapolisi wakuba abisala pa ulemu wa yunifomu imene anthu aopa kuitsutsa.

Cifukwa cace nchito yina igwera anthu a kumidzi eni ace. Munthu aliyense wolipira faindi afunse lisiti la Boma ndi kulisunga. Adziwenso kuti belo ya kupolisi, imene icedwa police bond, ndi yaulere. Wofunsa ndalama pa iyo aphwanya lamulo. Mafumu ndi anyakwawa athandize anthu ao kulemba tsiku, malo ndi nambala ya wapolisi, ndi kutumiza dandaulo ku mabungwe amene achulidwawa.

Boma nalonso licite mbali yace. Ndalama za mafuta zifikedi ku mapolisi akutali monga a ku Chama ndi Lundazi, malipiro a Apolisi asacedwe, ndipo zilango zoperekedwa pambuyo pa lipoti lililonse zilengezedwe poyera. Apolisi okhulupirika, amene agwira nchito usiku ndi usana, ndiwo oyamba kupindula, pakuti mudzi umene ukhulupirira Apolisi ndiwo uwaululira kumene mbala zibisala.