Khanda taliona, nanga mayi ake akugona?

Mwana akabadwa kwathu kuno, njira ya kunyumbako simera udzu. Apongozi, anansi, amvano, onse amafika ndi sopo, shuga kapena chitenje. Amalandirana khandalo, n'kumakangana kuti mphunoyi ndi ya kuchimuna kapena kuchikazi. Mayi amene wachira dzana lomweli amadzuka pamphasa, kugwada kupereka moni, kenako n'kukasonkha moto kuti alendo amwe tiyi. Onse amafunsa ngati mwana akuyamwa. Ndi ochepa amene amafunsa mayiyo kuti anagona liti tulo tenitieni.

Pitani kusikelo ku Lirangwe kapena ku Chileka m'mawa, mukakhale pabenchi. Mudzaona mtsikana atakumbatira khanda la masabata 6, wabwera kudzabayitsa katemera. Maso ali psuu. Kabuku ka kuchipatala kali m'pepala la pulasitiki, mwana wamuveka chipewa ndi masokosi oyera bwino, koma iye mwini bulauzi wavala chotembenuza ndipo sakudziwa. Akamuitana dzina amadzidzimuka. Mwana akamuyeza n'kupezeka kuti sikelo yakwera, aliyense amakondwa, mtsikanayo n'kubereka mwana wake ulendo wa kumudzi, kumene kukumudikira matewera, mjigo ndi nkhuni.

Makolo athu ankadziwa kuti mayi wongochira kumene ndi wofooka. N'chifukwa chake kunali chikuta. Mayi ndi khanda ankakhala m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku amenewo sankagwira mtondo kapena ndowa. Amayi ake, azakhali, anamkungwi ndi amene ankamuphikira phala, kumuwiritsira madzi osamba, kumulandira mwana kuti atseke maso. M'midzi ya chikamwini zinali zosavuta, pakuti mkazi ankachirira pakati pa abale ake. Sindikunena kuti zonse za m'chikuta zinali zabwino. Zothira mankhwala pamchombo zija anazamba akuchipatala amaletsa, ndipo akunena zoona. Koma mpumulo wa mayi tinautaya pamodzi ndi zoipazo, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Lero banja laling'ono limachita lendi chipinda chimodzi pafupi ndi bwalo la ndege ku Chileka, kapena kuseri kwa msika wa Lunzu. Agogo ali kutali. Bambo amalawirira minibasi ya m'tauni kusanache, amabwera kutada, mwina ali ku Joni. Mayi amatsala yekha ndi kamunthu kamene kamayamwa usana ndi usiku, ndipo kakayamba kulira madzulo sikamva kutonthoza. Akadandaula amamuyankha kuti, "Pirirani, tonse tinadutsa momwemo." Mwana akamaonda kapena kulira kwambiri, nkhani imasanduka ya tsempho, wina n'kuyamba kufufuza amene walakwa. Mayi wotopa uja wasenzanso mlandu.

Kulira popanda chifukwa, kukwiya msanga ndi mantha m'masiku oyambirira zimachitikira amayi ambiri, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira pamenepo, mayi osafuna kudya, tulo osabwera ngakhale mwana atagona, kumadziona ngati wolephera, kapena kusamva chikondi pa mwana wake, amenewo ndi matenda a kupsinjika maganizo. Si ulesi, si kusayamika Mulungu. Bungwe la WHO limati pa dziko lonse amayi pafupifupi 13 mwa 100 alionse amene angobereka kumene amadwala maganizo, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chimafika pafupifupi 20. Pabenchi la kusikelo lija, ndiye kuti ndi mmodzi mwa amayi asanu alionse. Katswiri wathu Genesis Chorwe-Sungani anafufuzapo za matendawa pakati pa amayi oyembekezera m'zipatala za m'boma lomwe lino la Blantyre, kotero si matenda a azungu ayi.

Pali mtundu wina woopsa kwambiri, ngakhale suchitika kawirikawiri: mayi kuyamba kulankhula zosamveka, kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kuganiza zodzipweteka kaya kupweteka mwana. Ambiri amathamangira kunena kuti walodzedwa. Pempherani ndithu, koma tsiku lomwelo mutengereni kuchipatala chapafupi, ku Mlambe kapena ku Gulupu, ndipo musamusiye yekha ndi khanda. Matendawa amachizika.

Abambo, ndilankhule nanu. Malamulo a ntchito amapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cha uchembere, ndipo kuyambira mu 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri. Masabata amenewo si okawonera mpira kapena kukachezera pabawo. Simungayamwitse, koma mungathe kutunga madzi, kuchapa matewera, kuyenda ndi mwana pakhonde pakati pa usiku kuti mkazi wanu agone maola atatu osadukiza. Ndikudziwa kuti nanunso mutu umaima, lendi ikudikira, ufa watha, ndipo palibe amene amakufunsani. Uzani mnzanu wapamtima kapena ankhoswe, osati botolo.

Kwa iwe mayi wamng'ono: mwana akalira mpaka mtima wako kufika pakhosi, mugoneke chagada pamalo abwino, utuluke panja, upume pang'ono, uitane woyandikana nawo. Usamugwedeze mwaukali, ubongo wa khanda suchedwa kuvulala. Alendo akabwera usachite manyazi kuwapatsa ndowa. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo akakufunsa za mwana, muuzenso za iwe, kuti sukugona, ukuganiza kwambiri. Ngati pamaso zikukuvuta kunena, imba ku Chipatala Cha Pa Foni.

Ndipo amvano, a Dorika ndi amayi a kumzikiti, amene mumadziwa kale kugawana ntchito pamaliro: gawanani masiku a mwezi woyamba wa mayi ameneyu. Wina Lolemba adzachape, wina Lachiwiri adzaphike, wina Lachitatu adzabereke mwana masana onse.