Ping yokwera sichira ndi bandulo

Mwamuona ndinu, mwayamba kuwombera ndinu, koma amene wagwa ndinunso. Aliyense wosewera magemu owomberana pa intaneti akuudziwa mkwiyo umenewu. Chala chimathamangira kuloza netiweki, ena mpaka kuyamba kusungira foni yatsopano. Ine ndimati tiyambe tayang'ana kanambala ka pakona ya sikirini kaja, ping.

Ping ndi nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa foni yanu, kukafika pa seva ya gemuyo n'kubwerako. Amayeza mu ms, ndipo 1,000 ms ndi sekondi imodzi. Seva ndiye woyimbira masewerowo, ndiyo imagamula kuti wayamba kuwombera ndani. Ikakhala kutali, zimene mukuona pa sikirini ndi nkhani yakale, mnzanuyo wasuntha kale.

Tiwerengere limodzi. M'zingwe za fibre uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200 pa 1 ms. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 8,000, ndiye kupita ndi kubwera ndi 80 ms, chingwecho chikanakhala chowongoka ngati ndodo. Koma sichowongoka. Malawi sanagundane ndi nyanja ya mchere, choncho intaneti yathu imayamba yayenda pamtunda kudzera ku Tanzania kapena ku Mozambique, kenako n'kulowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Pofika ku Ulaya, kuona 150 ms kapena kuposa si zachilendo. Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,500 basi.

Apa ndiye ambiri amataya ndalama. Intaneti ya ma Mbps ambiri ili ngati kukuza msewu wa M1. Magalimoto ambiri adutsa nthawi imodzi, inde, koma Karonga sanayandikire Blantyre. VPN nayonso sifupikitsa mtunda, nthawi zambiri imangowonjezera pokhotera.

Ndiye tingothamangira ma seva a ku South Africa? Alipo ndithu. Counter-Strike ndi Dota 2 ali nawo kumeneko, Valorant ili nayo ku Cape Town. Koma seva yapafupi ili ndi vuto lake, anthu ndi ochepa. Gemu ya anthu 10 siyamba ndi anthu 6, ili ngati minibasi ya pa depoti, sinyamuka isanadzaze. Mukalowa mmawa mudikira mpaka kutopa, ndipo gemuyo ikasowa anthu a msinkhu wanu imakuponyani kwa akatswiri oti akutafunani musanapume. Magemu ena a pa foni, monga PUBG Mobile, amadzaza mipata ndi ma bot, mdani woti amangoima ngati chitsa. Amene watopa amasamukira ku Ulaya, kuja kumakhala anthu usana ndi usiku, ndipo akachoka iyeyo minibasi ija imachedwanso kwambiri kudzaza. Zimandinyansa kumva munthu akunena kuti seva ya kuno ndi yakufa, chonsecho iye salowamo.

Pa magemu osinthana mpata, monga chess kapena Ludo, musadzivutitse, 200 ms simudzaimva n'komwe. Koma pa owomberana ndi a mpira ine ndimasankha seva yapafupi, ndipo ndimalowa madzulo. Mwayi wathu ndi wakuti wotchi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi, ndiye 7 koloko madzulo anzathu a ku Durban ndi ku Pretoria nawonso aweruka. Tikapangana anthu anayi pa gulu la WhatsApp n'kulowa ngati timu, gemu ya anthu 10 imangosowa 6.