Kawayilesi ka Kwathu Kasasanduke Msika

Ana anga, ife tinakula pali siteshoni imodzi yokha, MBC, imene inayamba mu 1964, ndipo mawu onse ankachokera ku Blantyre. Choncho mu 1998, pamene Dzimwe inatsegulidwa ku Monkey Bay ndi thandizo la UNESCO, amayi olemba nkhani ali patsogolo, ambiri tinadabwa kumva msodzi akulankhula pa wayilesi za mwera ndi mtengo wa usipa, m'mawu omwewo amene amalankhula padoko. Kenako zinabwera zina, ya Nkhotakota, ya Mzimba, Mudziwathu ya ku Mchinji. Chilolezo chimene bungwe la MACRA limapereka kwa mawayilesi oterewa n'chotumikira anthu a m'dera, osati chotolera phindu.

Zimene wayilesi yaing'ono imachita masana mukuzidziwa: uthenga wa maliro, ng'ombe yosochera, tsiku la sikelo ya ana. Ine ndikufuna ndinene za usiku.

Chaka chimene mayi akunyumba anagona pamphasa miyezi isanu, tulo tinandithawa. Pazenera ndinali ndi kawayilesi kothyoka mlongoti. Ndinamangapo waya n'kuukoleka pamsomali wa m'phaso. Anthu akangogona, mnyamata wina wa pasiteshoni ya m'dera lathu ankaika nyimbo zoziziritsa mtima: banjo ya Allan Namoko, gitala ya Daniel Kachamba, nthawi zina Jim Reeves kapena Don Williams. Sankadula nyimbo pakati. Ikatha ankangoti, "Amene muli maso kudwazika matenda, tili nanu," n'kuika ina. Mayi aja ankandigwira mkono kuti ndisatseke. Panalibe wotikuwira kuti tigule sopo, panalibe wotiitanira kukabetcha pa mpira. Mnyamatayo sindinamuonepo nkhope, ndipo malipiro ake mwina inali ndalama ya kabaza yokha, koma anachezera nafe ngati mbale.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikamva achinyamata a pamawayilesi ang'onoang'ono akuyesetsa kufanana ndi anzawo a m'tauni: kukuwa pamwamba pa nyimbo, kupiringiza lilime, kutamanda malonda mphindi iliyonse. Adzukulu anga, ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Phokoso lili kale paliponse, m'minibasi, pachigayo, m'mafoni mwanu. Wa mumzinda ali ndi zipangizo zoposa zanu ndipo pa mpikisano wa phokoso adzakupambanani. Chimene alibe n'chakuti sadziwa mlonda amene akuzizidwa pakhomo la sukulu yathu, kapena namwino amene ali yekha pachipatala chaching'ono usiku wonse. Inu mumawadziwa mayina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sindikuti musalandire ndalama ya wamalonda. Magetsi akathima jenereta imafuna mafuta, ndipo makina oulutsira mawu akapsa ndi mphenzi sakonzedwa ndi mapemphero okha. Wa golosale akalipira kuti mulengeze katundu wake, lengezani. Koma mukhale ndi maola amene simugulitsa kwa wina aliyense, ngakhale wandale atabwera ndi envulopu yonenepa nthawi ya kampeni. Walira mvula walira matope: amene wakugulirani mafuta mwezi wonse mawa adzakuuzani nyimbo yoti muike ndi munthu woti musamuitane.

Tsono kwa ife omvera, ndipo apa ndikudziloza ndi chala inenso. Timakonda kunena kuti "wayilesi yathu," koma ikazima sabata yathunthu timangopotokola kabatani kupita kwina. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ana odzipereka a pasiteshoniwa denga alisenza okha nthawi yaitali. Magulu omvera wayilesi alipo m'midzi yambiri. Angathe kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi monga timachitira kubanki mkhonde. Mafumu angaiike nkhaniyi pabwalo. Amene muli ndi makaseti akale m'sutikesi, a Robert Fumulani kapena makwaya a kumpingo kwanu, musadikire kuti chinyezi chiwadye. Apititseni kusiteshoni akawasunge pakompyuta.

Ine mwezi uno ndikagulitsa mtedza ndikwera njinga kupita kusiteshoni ndi malita awiri a petulo. Ndikafunsenso ngati mnyamata uja akadalipo, kuti ndimugwire chanza ndi kumuuza kuti mayi aja anadzuka.