Kuoda liwiro lokha n'kutaya mpamba

Anzanga a mumsika, sabata ino tisiye kaye za mitengo ya chimanga, tikambe za mpira. Musathawe ayi, nkhani yake ndi ya kuoda katundu, yomwe inu mumaidziwa kuposa ine.

Ndinali ku Mwazisi, kupitirira Bolero uko, kufupi ndi nkhalango ya Vwaza. Kumeneko fodya akangogulitsidwa mabonanza amayamba. Pa galaundi yafumbi ndinaona kamnyamata ka Fomu 3, kaliwiro ngati gwape, kakugwetsa madifenda chagada. Mpira usanathe, abambo awiri a m'tauni anali atakazungulira kale. Ati tiye ku timu yaikulu, sukulu udzamaliza mtsogolo. Eti zoona?

Ku America masewero oterewa anawadziwa kale. Mu mpira wawo wovala zisoti uja, chaka chilichonse matimu a NFL amasankha anyamata ochokera m'makoleji. Pali wosewera wina amamutcha running back. Ntchito yake n'kukumbatira mpira n'kulowa nawo pakati pa zimphona zomwe zimamugwetsera pansi. Ku koleji amawala chifukwa ambiri omuthamangitsa ndi ana anzake. Akafika kwa akuluakulu amapeza aliyense ndi waliwiro ngati iye, chonsecho thupi lake lamenyedwa kale zaka zingapo.

Mu 1995 Cincinnati Bengals inasankha Ki-Jana Carter kukhala woyamba pa anyamata onse. Ligi isanayambe n'komwe, mtsempha wa bondo unaduka pa masewero opimana mphamvu. Chaka chonse anakhala panja, ndipo sanabwererenso mwakale. Mu 2012 Cleveland Browns inatenga Trent Richardson pa nambala 3, chaka chotsatira n'kumusiyira Indianapolis Colts. Nayo New York Giants inatenga Saquon Barkley pa nambala 2 mu 2018. Bondo linavulala mu 2020, koma atachira anakatenga chikho mu 2025 ali ku Philadelphia Eagles. Wooda wina, wodya phindu wina. Inu ogulitsa tomato simunaonepo zimenezi?

Ndikudziwa mundiuza za Gabadinho Mhango. Inde, naye ndi mwana wa boma la Rumphi lomwelo. Anachoka ku Big Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, anamwetsa zigoli 16 mu ligi ali ku Orlando Pirates mu 2019/20, ndipo chigoli chake chija ndi Morocco mu 2022 dziko lonse linachiona. Koma Gaba alipo m'modzi. Amene anabwerera kumudzi akutsimphina ndani amawalemba mu nyuzi? Ngakhale Rumphi United italowa mu Super League mu 2022, inatuluka chaka chomwecho. Kuwala kumudzi ndi kwina, ligi yaikulu ndi ina.

Tsono kusiyana kwake ndi uku. Carter bondo likuduka anali atasaina kale kontirakiti ya mamiliyoni a madola. Timu inaluza, iye sanagone ndi njala. Mwana wa ku Mwazisi bondo likaduka, timu mawa lomwe ioda wina, iye abwerera wopanda MSCE, wosatha n'kugwira khasu lomwe m'munda wa fodya.

Ambiri mwa inu mumasonkhera matimu a m'madera, ena ndinu atsibweni a ana oterewa. Munthu akabwera ndi mawu otsekemera, funsani zitatu. Pepala losainirana lili kuti? Akavulala, wolipira kuchipatala ndani? Nanga sukulu apitiriza kuti? Akayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kamnyamata kaja ndinakauza kuti kalembe kaye mayeso. Kanandiseka. Inenso ndikanakhala ndi liwiro lija mwina ndikanaseka. Tionana sabata yamawa.