Laputopu ya kasitoma si yophunzililapo

Imwe amene munatsiliza Grade 12 ndipo muli chabe pa nyumba ku Bwacha olo ku Makululu, niziba kuti ganizo yokonza makompyuta inakubwelelani kale. Si ganizo yoipa. Mugodi unatsekedwa mu 1994, ku njanji sibalemba bantu monga kale, koma Kabwe manje ni tauni ya masukulu. Pa Mulungushi University na pa Kwame Nkrumah University, bana ba sukulu bambili bayenda na laputopu, zambili zogula zakale zochokela kunja. Laputopu yotele sichedwa kudwala. Nchito ilipo.

Vuto ni kuthamanga. Munthu waonelela mavidiyo yatatu pa YouTube, wagula screwdriver, mailo wakhoma chikwangwani. Kasitoma woyamba ni mtsikana wa chaka chotsiliza, mu laputopu muli research yake ya miyezi yambili, alibe kopi ina. Windows ikukana kuyaka, mnyamata wathu aifomata. Yayaka bwino, zoona, koma nchito yonse ya mwana wa bene yapita. Kabwe ni ing'ono, bane. Dzuwa isanangene, ma boarding house yonse yaziba dzina yanu.

Phunzilani pa mitembo. Kompyuta yakufa siilila, siipita ku polisi. Funsani kwa amalume, ku chechi, pa mashopu ya photocopy, na ku masukulu kwamene mu computer lab muli makina yogona na fumbi. Mukambe na aphunzitsi kuti muzapukuta na kuyesa mahala, iwo alipo. Kuchokela pa 14 October 2025 Microsoft inaleka kusamalila Windows 10, ndipo makina yakale yambili siyakwanitsa Windows 11, so maofesi yena yazayamba kuyachotsa. Mukapeza imodzi yochipa, gulani. Imasuleni, muibweze, muimasule futi mpaka pasatsale screw olo imodzi pa tebulo. Ikani Windows, chotsani, ikani Linux Mint, muone kusiyana.

Pambuyo pake pezani mudala wamene ali kale na benchi mu tauni. Pemphani kukhala pafupi naye miyezi ingapo, olo nchito ni yopyanga na kutumiwa. Chamene mufuna kuba kwa iye na maso ni mwamene apezela matenda. Kuchinja screen aliyense angaphunzile mu wiki imodzi. Kuziba chamene chafa ndiye nchito yeniyeni.

Onani mwamene achitila laputopu ikabwela siyaka. Sathamangila ku motherboard. Ayamba na charger, aipima na multimeter: malaputopu yambili ya charger ya pini yafuna mavolti 19 olo 19.5. Malaiti yakabwela na mphamvu pambuyo pa load shedding, kambili chamene chimapsa ni charger chabe. Ikakhala yozima yokha ikapya, ayang'ana fan, chifukwa fumbi ya August mpaka October imatseka monse mopita mphepo. Apukuta, aika thermal paste yatsopano, yasila. Ikayaka koma screen ili bii, achotsa RAM, apukuta, abweza. Ikakhala yochedwa monga bilimankhwe, kambili mankhwala ni kuchotsa hard disk yakale na kuikamo SSD. Ndipo asanagwile Windows, ayamba wakopela mafaelo ya mwine wake pa disk ina. Ichi chokha mukachigwila, mwapambana anyamata theka mu tauni.

Pepa nayo ili na malo yake. Kafunseni ku Kabwe Institute of Technology makosi ya makompyuta na electronics yamene yalipo, ndipo ku Ward Development Committee yanu mufunse za skills bursary ya CDF. Satifiketi ya TEVETA izakuthandizani tsiku yamene sukulu olo ofesi izafuna munthu wa contract. Koma musakhale manja lende kuyembekezela bursary, manja yaphunzila pa benchi.

Kamodzi aka nikambe chifukwa ndise ba Kabwe. Waya wa solder wambili uli na mtovu, lead yamene ija inaononga dothi ku Kasanda na ku Chowa. Musauike pakamwa, musadyele pa benchi, sambani m'manja, ndipo mwana asasewele pamene muwotchela. Tili nayo kale yokwana mu magazi.

Mukayamba kulandila makina ya bantu, gulani buku. Lembani dzina, namba ya NRC, serial number ya laputopu na vonse vamene yabwela navo, mwine wake asaine. Wobwela usiku na laputopu ilibe charger, ati naiwala password, mubwezeni na ulemu. Ikapezeka ni yakuba, ba polisi bazaipeza pa tebulo yanu. Mafoto na mameseji ya kasitoma si vanu, musatsegule, olo mnzanu akunyengelele bwanji.

Va PACRA, TPIN ya ZRA na laisensi ya council vizabwela mukaona kuti makasitoma bayamba kubwelela okha. Pakali pano zibani kuti ma spare yambili, screen, keyboard, battery, yachokela ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140. Mukalonjeza kasitoma, onjezelani tsiku imodzi ya basi, ndipo mutenge deposit musanaode.