Kalata kwa Nduna ya Zachitetezo: Mbiri ya Asilikali a Milatho Ilembedwe Eni Ake Akadali Moyo

Olemekezeka a Nduna,

Kalata ino ikuchokera ku Chanyanya, doko la asodzi la m'madambo a mtsinje wa Kafue, ndipo ikupempha kuti unduna wa zachitetezo ulembe mbiri ya mainjiniya a usilikali amene anatumikira dziko la Zambia m'zaka za nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe, kenaka n'kupitiriza kutumikira anthu atavula yunifolomu. Injiniya wa usilikali ndi msilikali amene chida chake chachikulu si mfuti, koma amamanga milatho, kulambula misewu ndi kufukula mabomba okwirira pansi kuti anzake adutse, ndipo chifukwa choti ntchito yake ikayenda bwino palibe chimene chimamveka, dzina lake silichedwa kuiwalika.

Aliyense wokhala m'boma la Kafue amadziwa kuti moyo wa dziko lino umapachikika pa milatho. Pa mtsinje wa Kafue, wa njanji unamangidwa mu 1906, ndipo wa msewu umene unatsegulidwa mu 1949 unapangidwa ndi zitsulo za mlatho wongoyembekezera umene unaikidwa pa mtsinje wa Thames ku London pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa nkhondo yomweyo asilikali a Northern Rhodesia Regiment anakamenya ku Burma, komwe gulu lankhondo la kum'mawa kwa Africa, limene iwo analimo, litafika ku Kalewa mu Disembala 1944, mainjiniya a ku India anayala pa mtsinje wa Chindwin mlatho woyandama wa Bailey wotalika mamita oposa 350. Mlatho wa Bailey ndi wa zigawo zachitsulo zolumikizidwa ndi mapini, ndipo chigawo chimodzi, cholemera makilogalamu pafupifupi 260, chimanyamulidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi n'kuchikhomera pa chinzake ndi nyundo popanda makina onyamulira. Mayina a Kalewa ndi Chindwin alipo mpaka lero pa malo a asilikali ku Ndola ndi ku Kabwe, koma ndi mayina a malo, osati a anthu amene anakhetsa thukuta kumeneko.

Chaka cha 1979 ndicho chikufunika kulembedwa mosamala kuposa zaka zonse. Pamene zokambirana za ufulu wa Zimbabwe za ku Lancaster House zinali mkati, asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ya pa mtsinje wa Chambeshi mu Okutobala, n'kudula njanji ya TAZARA pamodzi ndi msewu wa kumpoto, ndipo mu Novembala anagwetsa ina, kuphatikizapo wa Chongwe ndi wa Kaleya pafupi ndi Mazabuka. Cholinga chinali kupanikiza dziko lopanda nyanja kuti chimanga, feteleza ndi mkuwa zisowe podutsa. Pulezidenti Kenneth Kaunda anaitana onse amene anaphunzirapo usilikali, ndipo pakati pawo panali achinyamata a Zambia National Service, ena atangomaliza kumene sekondale, amene anagona m'tchire kulondera milatho.

Nkhondo itatha, ntchito ya mainjiniya sinathe, pakuti mabomba okwirira anatsala m'chigwa cha Zambezi ndi m'malire ena, akudikira ng'ombe, ngolo kapena mwana wopita kukatunga madzi. Wofukula bomba amagwada pansi, n'kumabaya nthaka pang'onopang'ono ndi kachitsulo kopendeketsa, ndipo akamva cholimba amapalasa dothi mofatsa, akudziwa kuti kulakwitsa kamodzi n'kokwanira kumuchotsa mwendo kapena moyo. Dziko la Zambia linalengeza mu 2009 kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo odziwika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mwana wa sukulu angathe kuloweza chaka chimenechi osamva dzina la munthu ngakhale mmodzi amene anagwada m'fumbi.

Mayiko ena sanachite ulesi pa zoterezi. Gordon Guggisberg, injiniya wa gulu la Royal Engineers amene anatumikira ku France pa nkhondo yoyamba, anakhala bwanamkubwa wa Gold Coast kuyambira 1919 mpaka 1927, ndipo anthu a ku Ghana amamukumbukira chifukwa cha chipatala cha Korle Bu, sukulu ya Achimota ndi doko la Takoradi. Iyeyo anali mtumiki wa atsamunda, komabe moyo wake unalembedwa tsatanetsatane, pamene mwana wa dziko lino amene anachoka ku usilikali n'kukagwira ntchito za misewu, madamu ndi ulimi mbiri yake yatsalira m'mafayilo ndi m'makumbukiro a ana ake.

Chimene chikupemphedwa kwa a Nduna si chodula. Unduna utumize anthu okajambula mawu a mainjiniya akalewa m'zinenero zawo, popeza amene anali ndi zaka 20 mu 1979 tsopano adutsa zaka 60, ndipo zojambulidwazo zikasungidwe ku National Archives ku Lusaka kumene ophunzira angazipeze. Mayina a amene anafa akulondera milatho kapena akufukula mabomba azokotedwe pa mwala pafupi ndi mlatho wa Kafue, pamene aliyense wopita ku Chirundu kapena ku Livingstone amadutsa, ndipo mabanja awo aitanidwe pa tsiku louvundukula.

Mwaulemu waukulu,
Mlembi wa ku Chanyanya, Kafue